Chingwe cha makutu a ambuya Daka

Anandilanda sukulu. Ndinali nditangomaliza Standade Fili ku Kaumbwe pamene amalume anafika pa njinga n'kuuza amayi kuti mwana wa mlongo wawo ndi wawo, ndipo mtedza wawo kufupi ndi Nyimba ukutha ndi anyani. Amayi anangoyang'ana pansi. Sileti yanga inatsala pakhoma, ine ndili pa kaliyala.

Kumeneko n'kumene ndinadziwa a Daka, nkhalamba yoyandikana nyumba ndi amalume. Sanali abale anga, koma mudzi wonse unkawatchula kuti ambuya. Ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fodya wopota, utomoni wopserera pa makala, ndi fungo la chikho cha mphira chimene chamwa thukuta zaka zambiri. Anali ndi wayilesi ya batire yomwe mphemvu zinadya sipika yake, ndiye ankamvera ndi mahedifoni akuda amene anabwera nawo kuchokera kunkhondo ya azungu, kumene ankanyamula wayilesi ya asilikali kumsana. Iwo ankangoti ndi makutu awo.

Akuluakulu ankabwera kudzafunsa za Chitaganya, zoti boma la ku Walale latinso chiyani. Ine zimenezo ndinalibe nazo ntchito. Masiku ena masana, anyani akabisala dzuwa, pa wayilesi pankakhala mayi wophunzitsa Chizungu, wolankhula pang'onopang'ono kuti ana abwereze. Ambuya anandipeza nditamata khutu pachitseko.

"Iwe kambala, ukuba mawu anga? Lowa, ube bwino."

Anandiveka makutuwo. Imeneyo ndiyo sukulu imene inanditsalira, ndipo ndinkalemba mawu ake ndi chala pa dothi.

Chingwe cha makutuwo chinali chotha. Nsalu yakunja inanyeka pakati chifukwa chokhudzana ndi m'mphepete mwa tebulo. Mawu anayamba kudukaduka, ndipo tsiku lina Lachiwiri anazimiratu mphunzitsi ali pakati pa chiganizo.

Amai Daka, mkazi wawo, sanachedwe. Dalaivala wa lole yonyamula mtedza anali atawalonjeza kale bulangete latsopano posinthana ndi bokosi la wayilesilo, ndipo ankabweranso Lachisanu.

"Chinthu chosalankhula chifunditsa ndani?" anatero. "Kuzizira kwafika, a Daka. Mufunda waya?"

 Maso a ambuya anali atachita ng'ala, manja ankanjenjemera mpaka fodya kutayika popota. Anadziwa kuti iwo sangakonze.

Lachitatu ambuya ndi mkazi wawo atapita kumaliro, ndinalowa ndekha ndi lezala. Ndinkaganiza kuti n'zosavuta: ponyeka ndi pamene pafa. Ndinadula. M'katimo simunali waya monga ndinkadziwira, koma ulusi wokulungidwa ndi kamkuwa kopyapyala kuposa khungu la anyezi. Ndinawotcha msomali pa makala, ndinatenga mtovu m'kachitini kawo, n'kukhudza. Ulusi unapsa, kamkuwa kananyenyeka. Ndinadula patsogolo. Kunapsanso. Ndinatukwana, ndinadulanso. Pofika madzulo, chingwe chimene chinkafika pakhomo chinatsala ngati mkono wanga, ndipo makutu anali duu. Anyani nawo anali atadya mizere iwiri, ndipo amalume anandisonyeza ndi mkwapulo kuti anawerenga.

Lachinayi ndinapita ndi zidutswa m'manja. Ambuya anazipapasa chimodzichimodzi, n'kuzinunkhiza.

"Wawotcha kangati?"

"Kasanu."

"Kunkhondo akanakupatsa mendulo ya adani. Ndani anakuuza kuti pafa apa?"

"Panali ponyeka."

"Ine ndine wonyeka thupi lonse, ndafa?"

Amai Daka anaseka panja. "Msiyeni mwana, wandithandiza. Mailo Lachisanu, bulangete."

"Mailo ndi mailo, lelo ndi lelo," anatero ambuya. "Khala apa, mzukulu. Ine makutu, iwe zala. Lezala ika kutali."

Anavala makutuwo, n'kundiuza kuti ndigwirizitse nsonga za chingwe ku batire ya tochi. Chingwe chikakhala chamoyo, pamamveka kuti tha. Ndi dzanja linalo ndinayenera kupinda chingwecho pang'onopang'ono, chala chimodzi, kenako china, kukwera kumka kumutu kwawo. Zinkanditopetsa. Ndinkafuna kudumpha, iwo ankandimenya kadzanja. Ntchentche zinkatera pamilomo, nkhuku zinkalowa n'kutuluka, thukuta linkandilowa m'maso. Titafika penipeni pamene chingwe chimalowera m'chikho cha kumanzere, pamene nsalu inali yosalala ngati yatsopano, anakweza chala.

"Bwerera. Pindanso. Ndi apo."

Waya unathyokera m'kati, pamalo amene ankapindika nthawi zonse akamavula. Zonse zimene ndinadula dzulo lake zinali zamoyo. Ndinafuna kuponya chinthucho kunja.

"Ukwiye Loweruka," anatero. "Lelo tilibe nthawi."

Anandituma kukasomola kawaya kamodzi kakang'ono ku waya wautali wokokera mawu a wayilesi umene unamangidwa pa mtengo wa mango. Ndinakapala ndi mchenga mpaka kuwala. Kenako anandiphunzitsa chimene sindikanachidziwa ndekha: ulusi umenewu suulola moto uli wamaliseche. Uyenera kuukulunga kaye ndi kawaya, mothithikana, monga amamangira mpini wosweka, kenako kupaka utomoni, ndipo msomali wamoto ungokhudza n'kuchoka. Koyamba ndinachedwa, kunatuluka utsi, tinatayanso chala chimodzi cha chingwe. Kachiwiri msomali unali utazizira.

"Chatsala chingati?" anafunsa.

"Chikhatho ndi theka."

"Ndiye ulibenso cholakwa china choti uchite."

Kachitatu ndinagwira mpweya. Mtovu unayenderera pa kawayako n'kuwala. Ndinachita nsonga zonse, ndinamanga mfundo m'kati mwa chikho kuti wokoka azikoka mfundoyo osati cholumikizacho, ndipo pamwamba ndinakulunga ndi kachubu ka njinga.

Lachisanu masana lole inaima pamsewu. Dalaivala analowa ndi bulangete m'khwapa, amai Daka ali kumbuyo. Anatipeza ambuya atagoneka tsaya pa tebulo, mutu utagundana ndi bokosi, chifukwa chingwe sichinkalola kukhala tsonga. Ambuya anavula makutu n'kuveka mkazi wawo. Amai Daka anawerama monyinyirika, anamvetsera, nkhope inasintha.

"Akuimba za kwathu," anatero. Kenako anatembenukira dalaivala. "Pitani nalo, bambo. Koma a Daka, usiku musandikoke chitenje."

Ndinamvera mphunzitsi uja miyezi ina isanu ndi iwiri, khosi litapindika, mpaka batire inatha ndipo ambuya anadwala osadzukanso. Khosi limandiwawabe kukazizira.

Lero ndimakhala pakhonde la sitolo ku Petauke ndi mbaula ndi msomali. Munthu akabwera ndi chingwe n'kundiloza ponyeka, sindithamangira kudula. Lezala imakhala m'thumba mpaka nditapinda chingwe chonse ndi zala.

Mwezi watha amalume anabwera ndi wayilesi yawo, yogula ndi mtedza uja. Ndinaikonza. Anapisa m'thumba, ndinawauza kuti asavutike. Anamwetulira, kuganiza kuti nkhani yatha. Sinathe. Standade Folo, Faifi ndi Sikisi. Zaka zitatu, ndipo sanandibwezere ngakhale tsiku limodzi.