Ndinadula dzina la kholo lawo ndi mpeni wanga

Ndine mmisiri wa matabwa, ndipo sindichita manyazi kunena kuti pa Moatize pano mafelemu a zithunzi anga ndi amene anthu amalozerana. Koma inu owerenga, dzanja lomweli limene anthu amalitama ndi limene linawononga chinthu chimene banja lina linapulumutsa pa nkhondo. Ndikulemba kuti wina asadzabwereze kupusa kwanga.

Kwathu ndi ku Zobwe. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Malawi tili kothawa nkhondo, ndipo malasha atayamba kuitana anthu ndinatsikira ku Moatize ndi macheka anga. Masiku amenewo aliyense wolembedwa kumgodi ankafuna chithunzi chake atavala chisoti chipachikidwe pakhoma, kuti apongozi akabwera asachite kufunsa. Ndinazolowera zithunzi zatsopanozo. Pepala loyera likatsala m'mbali umangodula, n'kulowetsa m'felemu, munthu n'kupita akumwetulira.

Tsiku lina kunatsika pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, mayi Rozalina, amasiye a katekisita wathu wakale wa ku Zobwe, atanyamula kachidutswa ka nsungwi kotseka ndi nsanza. M'katimo anasololamo zithunzi zinayi zakale kwambiri. Sizinali zojambula ndi kamera ayi. Zinali za timizere takuda tosanjikizana, ngati tija timakhala pa ndalama ya pepala, zoonetsa azungu oyendera maiko ndi anthu athu atawasenzera katundu. Chimodzi chinali cha mtsinje waukulu, ngalawa zitakocheza pagombe. Malemu amuna awo anazilandira kwa padiri wina, wansembe wachizungu amene ankabwerera kwawo, ndipo pothawa nkhondo anasiya mbale ndi makasu koma nsungwiyo anainyamula.

“A mmisiri, maso anga ayamba kuchita mdima,” anatero mayiwo. “Ndikufuna ndizione zili pakhoma ndisanaleke kuona.”

Atachoka ndinaziyala pa thebulo. M'mbali mwake munali mothimbirira, mwina mong'ambika, ndipo m'munsi munali timalemba ting'onoting'ono ta chilankhulo chimene sindichidziwa. Pansi pa chithunzi cha mtsinje chija panalinso zolemba za pensulo zofufutika. Ine ndinaona litsiro basi. Ndinati felemu yanga ya mlombwa singakhale ndi pepala lonyansa chotere, anthu angati mmisiri wakalamba. Ndinatenga rula ndi mpeni n'kudula zitatu mowongoka bwino, zodulazo n'kusesera pamodzi ndi utuchi, n'kutentha. Chachinayi chinapulumuka chifukwa galasi linandithera. Akuluakulu adanena kuti safunsa adadya phula, ndipo ine ndinalidya ndikuimba mluzu.

Patapita masabata awiri kunabwera mwana wawo, Lusiya, amene ndi pulofesora, wophunzitsa ana mbiri yakale pa shikola ina ya konkuno. Anayamikira mafelemuwo, kenaka anandipempha kuti nditsegule kumbuyo. Iye ankaganiza kuti m'mbali mwa mapepala ndangopinda. Anandifotokozera kuti pa zithunzi zotere, dzina la kumanzere m'munsi ndi la amene anajambula ndi dzanja, la kumanja ndi la amene anazokota chithunzicho pa chitsulo chosindikizira, ndipo pakati pamalembedwa malo. Koma chimene ankafunitsitsa chinali cha pensulo chija. Bambo ake analembapo dzina la agogo awo amene anasenza katundu pa ulendo wa azunguwo, monga anauzidwira ndi atate awo. Lusiya analiona ali mwana n'kuliiwala, ndipo amayi ake sadziwa kuwerenga. Panalibenso wina wamoyo wolidziwa.

Ndikuuzeni zoona, bodza linafika pakamwa. Ndikanatha kunena kuti chiswe chinadya, ndipo ndani akanatsutsa? Koma malemuwo ndi amene anandiphunzitsa katekisimu, ndiye ndinaulula zonse mpaka za moto. Lusiya sanandinyoze. Anangoti, “Bambo, mukanangofunsa,” n'kukhala pansi pa benchi. Bola akananditukwana, chifukwa mawu awiriwo anandilasa kuposa mbama.

Tinatulutsa chachinayi chija. Maina awiri analipo, ndipo Lusiya anawajambula pa foni n'kutumizira mphunzitsi wake wakale ku Maputo. Yankho silinatisangalatse. Anati zithunzi zotere zinkathotholedwa m'mabuku a maulendo n'kumagulitsidwa chimodzichimodzi, ndiye munthu atha kukhala ndi zinayi zochokera m'mabuku anayi. Buku la chachinayicho akhoza kulisaka, koma panalibe chotsimikiza kuti cha mtsinje chili momwemo.

Apa ndi pamene umisiri wanga unandiwombola pang'ono, ndipo ndiloleni ndidzitame. Podula paja ndinali nditaona kabowo kakang'ono pa mtambo wa chithunzi chilichonse, konga kamene kachilombo kamasiya m'thabwa lofumbwa. Ndinachotsa zitatu zija m'mafelemu, n'kuzisanjika ndi chachinayi malinga ndi mzere wakuda wozungulira chithunzi, n'kuziloza kudzuwa. Kuwala kunadutsa pa mapepala onse anayi. Ndinalowetsa singano, inapyola osakhudza pepala. Ndinauza Lusiya kuti kachilombo kameneka sikanaboole zili m'nsungwi, chifukwa pepala lokulungiza likabooledwa, polifunyulula mabowo amatuluka ambiri, ondondozana. Apa bowo linali limodzi pa pepala lililonse, pamalo amodzimodzi. Ndiye kuti kanaboola zili zoyala, zopanikizana ndiponso zosasuntha, monga masamba amakhalira m'buku losokedwa. Lusiya anati izi sanaziphunzire ku yunivesite.

Mphunzitsi wa ku Maputo uja atamva za bowolo anachita khama. Panapita miyezi ingapo, ndipo tsiku lina Lusiya anafika ku shopu akupuma mwawefuwefu, foni ili m'manja. Bukulo linapezeka m'nyumba yosungira mabuku akale, ndipo zinayi zonse zinalimo, chilichonse ndi malemba ake. Wojambula anali mmodzi wa apaulendowo, amene anakhaladi pagombe ndi pensulo zaka zoposa zana zapitazo. Wozokota anali wa ku Ulaya, ndipo Zambezi sanamuonepo. Pamenepo ndinaseka, chifukwa ngalawa zake zinali za matabwa okhomerera, pamene zathu ndi za mtengo umodzi wosema. Malo a pa chithunzi cha ngalawa chija anali pafupi ndi pamene mtsinje wa Revubwe umathira m'Zambezi, pomwe ine ndimadutsa ndikamakagula galasi ku Tete.

Ndinapanganso mafelemu onse anayi ndi manja anga, ndipo kumbuyo kwa chilichonse tinamata pepala lolembedwa wojambula, wozokota, malo ndi dzina la buku. Tinakwera shapa ya ku Zobwe, ine nditafumbata katunduyo pamiyendo ulendo wonse. Ndinkanyada, sindikubisa. Ndinkaona ngati ndabweza zimene ndinawononga.

Mayi Rozalina anatilandira pakhonde. Anapapasa makona a mafelemu n'kunena kuti dzanja langa n'labwino. Lusiya anawawerengera zonse mwapang'onopang'ono, iwo akugwedeza mutu, ndipo atamva za Revubwe anati malemu ankanena zoona kuti makolo awo anachokera kumtsinje. Kenaka anafunsa mofatsa, osati mondizenga mlandu: “Maina a azungu mwawapeza onse awiri. Nanga la agogo a amuna anga lili pa tsamba liti?”

Dzinalo silinali pa tsamba lililonse. Lusiya anali atawerenga buku lonselo. Anthu athu onse aja, osenza mabokosi ndi opalasa ngalawa, bukulo limangowatcha onyamula katundu.

Lero anthu amabwera kwa ine ndi mapepala akale kuchokera ku Tete, ku Nkondezi ngakhale kwathu ku Zobwe, ndipo ndimatha kuwauza kuti ichi n'chosindikizidwa pa chitsulo, ichi n'cha makina a dzana. Ndimawaonetsa pamene dzina la wojambula limabisala. Felemu ndimaipanga motsatira pepala, osati kudula pepala kuti likwane felemu. Ntchito imeneyi ndimainyadira, ndipo ndinaiphunzira mowawa.

Inu owerenga, mukapeza chithunzi chakale m'sutikesi ya malemu, musachidule, musachichape, musachimate ndi guluu. Yang'anani m'munsi ndi kumbuyo, ndipo chimene simukutha kuwerenga mupite nacho kwa odziwa. Chilichonse cholembedwa ndi dzanja chikopereni pena tsiku lomwelo, muwerengerenso ana anu mokweza. Ndipo inu amisiri anzanga, musanayike mpeni pa chinthu cha mwini, funsani. Maina a azungu aja tinawapeza chifukwa anasindikizidwa m'mabuku ambiri. La kholo la Lusiya linalembedwa kamodzi kokha, ndi pensulo, ndipo ndinalitentha ndine.