Mabauti a Everisto pa Ukwati wa Nelly

A Everisto anafika ku Luangwa Boma ali kumsana kwa amayi awo, pa bwato lochokera ku Zumbo, koma atakula madzi sanawakonde. Abale awo onse anali asodzi, iwo mtima unali pa injini. Anayamba ndi kukweza mitolo ya nsomba zouma pa malole, kenako anaphunzira kuyendetsa, ndipo imvi zitayamba kuoneka anagula kamotoka kawokawo, kakale koma kolimba, kamene mawilo ake amamangidwa ndi mabauti, osati manati. Ankanyamula amayi amalonda kupita ku Lusaka, akuimba njira yonse ndi mawu amene kwaya ya kutchalitchi inawakana kalekale.

Mwana wawo Nelly atapeza mwamuna, Yotam wa ku Katondwe, a Everisto anati mkwati sangakwere motoka yooneka ngati ya nsomba. Anabwera ndi marimu onyezimira a aluminiyamu ovekapo matayala. Pomanga anaona kuti marimuwo ndi ochindikala pakati kuposa achitsulo aja, moti bauti yakale inkangogwira kunsonga. Iwo sankachita masewera ndi wilo. Ulendo wotsatira anagula mabauti aatali, nawayesa mpaka anakhutira kuti akulowa mokwanira. Mlamu wawo, a Raimundo, anapempha aafupi aja kuti amangirire kunsi kwa ukonde uzimira bwino, ndipo a Everisto anawapatsa onse ndi mtima umodzi.

Tsiku la ukwati motoka inanyamuka itavala maluwa apepala, Nelly ali kumbuyo ndi amayi ake, a Philomena. Atayandikira ku Katondwe, msomali unabaya tayala lakumbuyo. A Everisto anavula jekete, natulutsa jeke ndi sipeya akuimba mluzu. Koma sipeyayo inali pa rimu yachitsulo, yopyapyala. Mabauti aatali anapyola n'kukagunda zitsulo za buleki mkatimo. Atayesa kuzunguza wilo ndi dzanja, linangoti gwa, osasuntha.

A Philomena anafunsa kumene kunali mabauti akale.

"Ali mu Zambezi, amake Nelly," anayankha a Everisto. "Akugwira nsomba."

Mlimi wina wodutsa ndi ngolo anati angowamanga mosafikitsa, popeza mtunda watsala pang'ono. A Everisto anapukusa mutu, nati mwana wawo sangamuyendetse pa wilo logwedera ngakhale wansembe atatopa kudikira.

Nthawi yomweyo kunatulukira anthu a m'midzi yapafupi, akupita ku ukwati womwewo pa njinga. Nelly anatsika, nasonkhanitsa diresi lake m'manja kuti lisakhudze fumbi.

"Atate, munalonjeza kuti mudzandifikitsa nokha pakhomo la tchalitchi. Bwerekani njinga."

A Everisto anali asanapalase kuyambira unyamata. Njinga inayamba kukhotakhota ngati yaledzera, Nelly atagwira lamba wa atate ake, akuseka mpaka misozi inaononga zodzola kumaso. Kenako miyendo inakumbukira. Njinga zina zinatsatira m'mbuyo, mabelu akulira, amayi akululutira, a Philomena atakhala pa kaliyala wa mkulu wina wa mpingo, akumuchenjeza za dzenje lililonse. Yotam, amene ankadikira ndi nkhawa pakhomo la tchalitchi, anamva phokosolo asanaone anthu.

Mawa lake a Raimundo anadula mabauti ku ukonde wawo, koma dzimbiri linali litawadya. A Everisto anakatola motoka atamatitsa tayala lobooka lija, ndipo ku Lusaka anagula aafupi atsopano, nawaika m'sokosi n'kumangirira pa sipeya penipeni. Dalaivala aliyense wosintha marimu ku Boma ankamuuza kuti achite chimodzimodzi, afunse asafunse.

Chaka chomwecho akwati ena a ku Katondwe anakana motoka, akuti akufuna njinga ndi mabelu. A Everisto ankadandaula kuti adziphera okha msika, koma akaitanidwa kuti atsogolere gululo ankafika m'mamawa, thalauza atalimanga kale ndi luzi kumapazi.