Zala za a Gelevaziyo

A Gelevaziyo akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundifika ndi fungo la mafuta a nsatsi amene ankapaka m'manja mwawo m'mawa uliwonse, fungo lolemera losakanikirana ndi utsi wa mitengo ya thonje imene anthu ankatentha m'minda akatha kukolola, kwinaku sitima ikulira chapatali pochoka ku Golomoti, njiwa zikuyankha mumtengo wa bwemba umene unali pakati pa nyumba yawo ndi yathu.

Manja awowo analibe zala. Khate linazidya zonse n'kungosiya timitu tosalala. Amayi ankandiuza kuti ine ndisanabadwe, bambo ameneyu ndiye ankaliza limba m'katchalitchi kathu kaudzu, ndipo akaligwira, ngakhale makanda kumsana ankaleka kulira. Atadwala anapita kuchipatala cha akhate ku Mua, komwe anakhalako zaka zambiri. Anabwerako m'zaka za m'ma 1950, mankhwala atsopano atawachiritsa. Iwo anachira, koma anthu a m'mudzi mwathu ndiwo sanachire. Pachitsime anawapatulira chikho chawochawo. Pamaliro ankawaikira chakudya poteropo ngati galu. Limba lija analipereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata, ndipo akuluakulu a mpingo, motsogozedwa ndi a Kamwendo, anagamula kuti a Gelevaziyo azipemphera ali panja. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima.

Wina akanangodzitsekera m'nyumba kudikira imfa, koma osati iwowa. Anali munthu wamakani, wapakamwa pakuthwa, woyenda mutu uli m'mwamba ngati mwini mudzi.

"Khate ladya zala, silinadye makutu," ankatero aliyense akawayang'ana mwachisoni.

Tsiku lina anatipeza ana tikugenda bwemba. Tinafuna kuthawa, koma anatikuwira ndi mawu aakulu.

"Imani pomwepo! Iwe wamtaliwe, tanena kuti aaa. Kweza. Basi, ndiwe do. Ima apa. Iwe wamamina, ndiwe re."

Anatindandalika pamzere monga mmene mawu athu ankakwerera. Ine, Felesiya, mwana wa a Nangozo, ndinakhala la. Aliyense anapatsidwa liwu limodzi lokha, lakelake, ndipo lamulo linali losavuta: dzanja likakuloza, imba liwu lako, usasiye mpaka litachoka.

"Limba lamatabwa andilanda," anatero. "Ndipanga langa lamiyendo. Inu ndinu zala zanga. Wakuba liwu la mnzake, ndikanakhala n'zala ndikanam'koka khutu."

Umu ndi mmene ankapekera nyimbo. Sankatha kugwira pensulo, ndiye ankayesera pa ife. Ankaloza uyu, kenako uyo, n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso, maso atatsinzina, thukuta likutsika m'khosi, ife fumbi lotentha likutiwotcha mapazi. Akafuna mawu atatu nthawi imodzi, ankaloza ndi manja onse awiri ndi phazi, n'kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Tinkaseka mpaka kugwa pansi. Iwonso ankaseka, kenako nkhope gwa! "Mwaseka zokwanira? Yambani." Mvula itabwera, tinasamukira pakhonde pawo. Pang'ono ndi pang'ono phokoso lija linasanduka nyimbo ya Pasaka, ya mawu amodzi okha, Aleluya, amene ankachoka pakamwa pa mwana uyu kugwera pa wina ngati tikupatsirana mtsuko.

Amayi sankafuna n'kumva komwe. "Ukadzatuluka mawanga adzakukwatira ndani?" ankandikalipira. Ine ndinkangoti ndamva, koma ndikapita kokatunga madzi, mtsuko unkandidikira patsinde pa bwemba.

Nyimbo sibisika. Pasaka atayandikira, a Kamwendo anabwera, naima chapatali, manja kumbuyo.

"Nyimboyi ndi yabwino, sindikana," anatero. "Anawa adzaimbe m'tchalitchi. Koma wowatsogolera adzakhala mphunzitsi. Inu mudzamvera panja monga mwa masiku onse."

"Uchi mukuufuna, koma njuchi ayi?" anafunsa a Gelevaziyo. "Ndachira ine, a Kamwendo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

"Zimenezo ife sitikudziwa. Tanena kuti musalowe."

"Ndamva. Sindilowa."

Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa ndinaganiza kuti agonja. Mphunzitsi uja, amene analibe mtima woipa, anayesetsa kuiphunzira nyimboyo, ndipo anzanga ankamuimbira mwa ulesi. Amayi nawo anali atatulukira za mtsuko uja. M'mawa wa Pasaka anandikhazika pambali pawo kumbali ya akazi, atandigwira mkono ngati mbuzi yopita kumsika.

Tchalitchi chinadzaza, mukununkha sopo, thukuta ndi udzu wonyowa. Anzanga anaima pamzere kutsogolo, pamalo panga pali mpata. Mphunzitsi atangokweza kamtengo kake kotsogolera nyimbo, pakhomo panachita mdima. Anali a Gelevaziyo, atavala jekete lakhaki lochapa bwino, mapazi atagunda pachiundo cha khomo koma osadumpha.

"A Kamwendo!" anaitana. "Taonani mapazi angawa. Ali panja."

Anakweza manja aja m'mwamba, poyera, osawabisa m'matumba monga anthu ankafunira. Anzanga onse anatembenuka nthawi imodzi, kufulatira akuluakulu, kuyang'ana kukhomo. Do anayamba, mi anamulandira, so anakwera pamwamba pawo, ndipo nyimbo inayenda pamwamba pa mitu ya anthu mpaka inafika pamalo pamene pankafunika la.

Panali zii. Akanatha kundidumpha, kapena kuloza mwana wina kuti andigwirire. Sanatero. Dzanja lawo linandifunafuna pakati pa akazi, litandipeza linaima pomwepo, osagwedera. Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ife.

"Zakwana!" anakuwa a Kamwendo. "Chokani pakhomopo!"

A Gelevaziyo sanawayang'ane n'komwe. Analankhula motsitsa, ngati akupempha moto.

"A Nangozo, ndibwerekeni chala changa."

Amayi anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana dzanja lija, lomwe kale linkawaimbira limba iwo ali mtsikana. Anandisiya mkono, nandikankha pamsana mpaka ndinaimirira.

"Imba, mwana iwe," anatero. "Imba mokweza, ndi ogontha omwe amve."

Ndinatsegula pakamwa, misozi ikutsika, ndipo la wanga anatuluka wonjenjemera, kenako anawongoka. Dzanja linandisunga pamenepo nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpweya mpaka kutsala pang'ono kundithera, lisanapite kwa wina. Nyimbo inatha yonse. Palibe anawomba m'manja, poti m'tchalitchi sitinkatero, koma agogo ena kumbuyo analephera kupirira, analuluta nthungululu.

Sindinganame kuti mudzi unasintha tsiku limenelo. Akuluakulu sanabweze chigamulo chawo, ndipo a Gelevaziyo sanapite kukawagwadira. Pakhomo paja panangosanduka pamalo pawo, ndipo ankatiimbitsa ali pomwepo mpaka pamene anamwalira. Koma masana a Pasaka ameneyo amayi anatunga thobwa m'chikho chathu chomwera, nakawapatsa a Gelevaziyo anthu akuona, ndipo lotsala anamwa iwo eni.

Ine ndinakula n'kukhala mphunzitsi, ndaphunzitsa ana kuimba moyo wanga wonse, ndipo ngakhale ndakalamba, kwaya ya kwathu ndimaitsogolerabe. Ndikaima patsogolo pawo, manja anga amafumbata okha. Sindinachite kusankha, ndi mmene ndinaonera nyimbo ikuimbitsidwa. Chaka chatha mnyamata wina wophunzira bwino za nyimbo, amene amaimba nafe, anandinong'oneza mwaulemu kuti, "Agogo, muzitambasula zala, ndi mmene amachitira otsogolera kwaya."

Ndinamuuza kuti zala zanga ndi iyeyo, abwerere pamzere, atseke pakamwa mpaka nditamuloza.