Mmene Ndinadwalitsira Ndende Yonse

Anadzanditenga Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Malichi 1959, ndikuzula munthu dzino. Ndinali wothandizira pachipatala cha esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli, koma aliyense ankanditcha dokotala. Apolisi awiri anadikira mwaulemu mpaka dzino litatuluka, kenaka anandimanga unyolo.

Ku Boma, sajeni wondifunsa mafunso anali wodwala wanga wakale. Anandiomba makofi awiri kuti bwana wake mzungu aone, n'kunena kuti, "Tchulani onse amene munawamanga mabala a zipolowe."

"A Sajeni, zinsinsi za odwala sindiulula. Koma ngati lamulo likundikakamiza, ndiyambira amuna amene ndinawabaya jakisoni wa matenda okatenga ku Chinakanaka."

Anatsokomola. "Uyu sadziwa kanthu, bwana."

Patatha sabata anandipatsa ntchito ina m'ndendemo. Dokotala wa boma anali atachokapo, pomwe lamulo linkati mkaidi asakwapulidwe asanapimidwe. Choncho m'mawa ndinkataya chidebe cha m'selo, masana ndinkavala zoyera kuti ndisaine ngati anzanga angapirire chikoti.

Woyamba anali wothyola tiyi, bambo wa ana anayi. Mtima wake unkagunda ngati ng'oma. Ndinkadziwa kuti dokotala akanama kamodzi, mawa sakhulupirika. Koma ndikanena zoona, chikoticho chikhala ngati ndachigwira ndine. Ndinalemba kuti mtima ndi wofooka.

"Adokotala, kodi ndifa?" anafunsa.

"Khalani chete, achimwene. Mukalankhula muchira."

Pofika mu Epulo, ndende yonse inali ndi mitima yofooka. Bwana atadabwa, ndinati ndi nyemba za m'ndende. Anasintha nyembazo, mitima osasintha, ndipo anaitanitsa dokotala wina. Amuna atatu anapezeka athanzi n'kukwapulidwa, ndipo ndine ndinawatsuka mabala. Mkulu wina yemwe mtima wake unali wofookadi nayenso anakwapulidwa, poti mafomu anga sankakhulupirikanso. Iyeyo sanabwerere m'selo.

Anandimasula mu Seputembala. Pachipata mlonda anadandaula kuti, "Adokotala, nanga mwendo wangawu mukuusiyira yani?"

Ufulu ndinaumva Lolemba lotsatira, mayi wina atakhala pabenchi la kuchipatala. Ndinamupima, ndipo kuseri kwa chitseko kunalibe wina wodikira yankho langa.

"Ndi malungo, mayi," ndinatero. Analidi malungo.