Nkhope za m'nyumba ya pansi

Nditasamukira ku Donholm, dera lina la mumzinda waukulu wa ku Kenya, ndinkakhala m'nyumba yosanja. Pansi panga pankakhala mayi wina wa ku Kenya konko, amene zochita zake sindinkazimvetsa. Sankapita ku ntchito m'mawa ngati tonsefe. Zala zake zinkakhala za penti, makatani ake osatsegulidwa, ndipo Loweruka lililonse kunkabwera achinyamata mmodzimmodzi. Aliyense akafika pa geti ankayamba wacheuka kaye.

Ine ndinaganiza za chamba. Mlonda wa pa geti anali ndi maganizo ake. "Mama Malawi," anandiuza m'Chiswahili chimene ndinkachimva mwa apo ndi apo, "ana aja si abwino." Koma yemweyo ndiye ankawatsegulira akumwetulira, n'kumawaperekeza ndi maso mpaka atalowa.

Loweruka lina ndikukataya zinyalala, ndinakumana pamasitepe ndi nkhope yodziwika. Anali mwana wa bambo wina amene tinkapemphera naye ku Madaraka, kumene Amalawi timasonkhana. Mnyamatayo ankaphunzira pa yunivesite ku Kahawa.

"Mwaswera bwanji, anti?" anatero mnyamatayo.

"Ndaswera. Kuno ukudzatani?"

Mayi uja anatsegula chitseko, nandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Karibu, lowani. Kuli bwino muone nokha kusiyana n'kukamva kwa mlonda."

Munalibe chamba. Munali fungo la penti, tiyi wamkaka pa sitovu, ndi zithunzi zikuluzikulu zotsamira kukhoma. Pa chilichonse anajambulapo nkhope ya wachinyamata, ndipo m'munsi mwa khosi anasokerapo chovala chenicheni: malaya a sukulu, juzi yong'ambika pachigongono, mwinjiro wa kwaya. Mayiyo anandiuza kuti anawo ndi anyamata okonda anyamata anzawo ndi atsikana okonda atsikana anzawo. Ena anathamangitsidwa kwawo, ena ku sukulu. Aliyense ankabweretsa chovala chimene anatuluka nacho tsiku lothamangitsidwalo. Cholinga chinali kudzazipachika poyera, kuti anthu owatukwana aone kuti akutukwana ana a anthu.

Pa chithunzi cha mnyamata wathu panalibe chovala.

"Ine sanandithamangitse, anti," anatero. "Sakudziwa. Chonde."

Ndinamulonjeza kuti sindinena. Koma sabata yotsatira, titaweruka ku mapemphero, bambo ake anabwera kudzakhala pafupi nane. Sitinkachezerana kwenikweni, ndipo ndinali nditawamvapo akulankhula za mathanyula mwaukali, Baibulo lili m'manja.

"Mayi, ndamva mukukhala ku Donholm. Mbali iti?"

"Chakufupi ndi msewu wa Outer Ring, bambo."

"Mwana wanga mumamuonako kumeneko?"

"Donholm ndi yaikulu, bambo."

Anagwedeza mutu, nandipempha kuti andiperekeze pa galimoto. Ndinakana, n'kukwera minibasi, imene kuno amati matatu. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti wawauza ndani. Komanso sindinathe kudziwa ngati akumufuna mwanayo kuti amukalipire kapena kuti amuteteze, chifukwa maso awo anali ofiira ngati a munthu wosagona tulo.

Pasanapite nthawi yaitali, Loweruka lina masana ndinasuzumira pa zenera n'kuona galimoto yawo itaima tsidya la msewu, pafupi ndi mayi wogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma. Mlonda anali atawerama pa windo, akuloza nyumba yathu. Ndinatsika mothamanga kukagogoda pansi.

"Bambo ako ali panja."

Mnyamatayo anaimirira. "Mwawauza ndinu."

"Ndikulumbira, sindinanene kanthu."

"Nanga adziwa bwanji? Mmalawi amene amakhala kuno ndi ndani winanso?"

Mayi wojambula uja sanandiikire kumbuyo. Anangoyamba kutembenuza zithunzi kuti ziyang'ane kukhoma, ndipo anzake a mnyamatayo anandiyang'anitsitsa. Tinadikira kuti chitseko chigogodedwe. Sichinagogodedwe. Bambowo anakhala m'galimoto mpaka tiyi anazizira m'makapu, kenako analiza injini n'kumapita.

Mwezi usanathe mayiyo anasamuka osanditsanzika. Zithunzi anazikulunga m'mabulangete, ndipo sanauze aliyense kumene akupita. Mlonda anati tsiku lija bambo aja anangomufunsa njira basi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti zithunzi zija zinaonetsedwadi kwinakwake mumzindamo, anthu n'kudzaza, ena mpaka kulira. Ine sanandiitane.

Mnyamatayo ndinadzamuonanso patapita miyezi, ku Madaraka, akutsika m'galimoto ya bambo ake. Anali atanenepako pang'ono. Awiriwo sankalankhulana, koma ankayenda limodzi. Atandiona, bambowo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero, osanena kuti akuthokoza chiyani.

Mwana wawo anamva. Anandiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'tchalitchi osandipatsa moni.