Kope la Mayi Nzeru

Titangolandira ufulu, mkuwa unali ndi ndalama, ndipo ku Buchi, komboni yathu ya ku Kitwe, aliyense ankagula kanthu koti anzake aone. Bambo a kunyumba, amene ankayendetsa lole, anagula wayilesi. Ine ndinagula kope la ana a sukulu ndi pensulo.

Ndinalembamo nkhani yopeka. Nzeru ya Mulungu ndinaisandutsa mayi wotsika sitima pa Kitwe, dengu pamutu, mapazi ali mbuu, n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha madzi. Mkazi aliyense womupatsa mpando ankamusiyira mawu a momwe angakhalire m'banja osadzitaya yekha. Ndinkalemba masana, nyemba zili pamoto, ndipo kangapo zinapserera. Nditamaliza ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: munthu woti awerenge n'kundiuza ngati nkhaniyo ili bwino kapena ayi.

Bambo anawerenga tsamba limodzi n'kuyamba kuwodzera. Ndiye ndinapita nalo kumsonkhano wa amayi a mumpingo Lachinayi, n'kuwerenga yonse. Amayi anati ameni. Kenaka wina anafunsa kuti mayi ameneyu kumudzi ndi kwa yani, nanga amapemphera mpingo uti. Ndinanena kuti ndinangomupeka.

Mlangizi wamkulu, mayi amene ankalangiza atsikana onse olowa m'banja, anatambasula dzanja. "Awe, mwana wanga, bweretsa kuno. Awa ni mau a ku cilangizo. Pa pepala angawerenge amuna, angawerenge ana. Tizaliona."

Linali kope limodzi lokhalo. Ndinkafunsa mwezi ndi mwezi, yankho lili lomwelo, akuliona. Munthu umatopa kufunsa. Ndinatopadi, ndipo pensulo ija ana anapita nayo kusukulu.

Patapita zaka, mwana wanga woyamba, wamkazi, anapeza banja, ukwati n'kukachitikira ku Lubuto, ku Ndola. Mlangizi uja anabwera pa basi ndi anzake, atakalamba ndithu. Mwambo wathu sulola mayi kukhalapo pamene mwana wake akulangizidwa, choncho ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mapoto, iwo atadzitsekera m'chipinda tsiku lonse.

M'mawa mwake, tikulongedza mbale zake m'katoni, mwanayo anaiwala manyazi pang'ono.

"Amama, anatiwerengera kabuku kakale, kakuda na manja, kosoka na ulusi. Ka mzimai wa dengu wopempha madzi. Ati onse okwatiwa amawawerengera."

Ndinafunsa kuti analemba ndani, maso ali pa mbale.

"Ati ni za makolo, zinacoka kumudzi."

Pakamwa panandiyabwa, koma mayi sakambirana za m'chipinda chija ndi mwana wake. Ndinali nditafunsa kale zopitirira. Komabe ndinafunsanso kamodzi, kuti iye anaiona bwanji.

"Ni yabwino, n'nalira pothera. Koma pakati yatalika maningi. Mzimai uja akamba monga imwe, satha msanga."

Sindinakondwe ngati mmene ndinkaganizira kale kuti ndidzakondwa. Ndinangomva kutopa kwa zaka zonse zija, mpaka ndinakhala pa katoni ya mbale. Mwanayo ankanena zoona. Pakatipo panatalikadi, ndipo amayi aja akanandiuza Lachinayi lija, ndikanakonza sabata yomweyo.