Seva Imene Sinavule Pulasitiki

Mawu a bambo anga anatsala pamalo amodzi okha padziko pano, m'kompyuta yakale ya kuntchito kwathu ku Matero. Anali mu vidiyo ya ukwati wa mkulu wanga. M'menemo bambo avala jekete yobwereka, akulangiza akwati, kenaka akuvina mpaka nsapato kuvuka. Chimbale cha vidiyoyo chimene tinapatsidwa pambuyo pa ukwatiwo chinakalikakalika kalekale, ana atachisandutsa choseweretsa. Ndiye banja litagwirizana kuti mu Novembala tikavundukule chiliza cha bambo, amayi anandiitana kunyumba ku Kalingalinga n'kundiuza kuti patsikulo akufuna kumvanso amuna awo akulankhula. Anati nkhope akuikumbukira bwino, koma mawu ayamba kuwathawa. Ndinalonjeza msangamsanga, monga amachitira mtsikana amene ali ndi pepala la kukoleji.

Ndinkagwira ntchito ku situdiyo yojambula zithunzi ndi mavidiyo. Eni ake anali ndi mashopu atatu, ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama, ndipo ankafuna kuti tiziwatchula kuti ba Dairekita, ngakhale kuti antchito tonse tinkakwana m'minibasi imodzi n'kutsalanso malo a kondakitala. Ine ndinali woyang'anira makompyuta. Ufumu wanga unali kachipinda kakumbuyo kamene kale kanali khitchini, ndipo mwaye unkaonekabe pakhoma. Pachitseko ba Dairekita analembetsa ndi penti yofiira kuti muno ndi mu data senta, alendo saloledwa.

M'menemo munkakhala seva, ndiye kuti kompyuta yaikulu yosunga zonse zimene mashopu atatuwo anajambula kwa zaka zoposa khumi: maukwati, ubatizo, tiana tomaliza sukulu ya mkaka titavala mikanjo ngati maprofesa. M'makomboni zithunzi sizikhalitsa. Mafoni amabedwa, nyumba za lendi timasamukasamuka, madzi a ku Kanyama amalowa mpaka m'sutikesi. Munthu akamwalira, abale ankabwera kwa ife kudzafuna nkhope yoika pa pulogalamu ya maliro.

Koma sevayo inali itatheratu. Ukaitana chithunzi chimodzi, unkatha kutuluka, kugula chimanga chootcha, kuchikukuta mpaka chitsononkho, pobwerera n'kupeza chatuluka chipumi chokha. Tsiku lina ndinayesa kukopera vidiyo ya bambo ija. Mashopu onse atatu anaima nji, ndipo foni inalira, ba Dairekita ali ku Chawama.

"Iwe, wachita chani ku mashini? Kuno bantu bali pa laini, vinthu sivisebenza!"

Ndinaimitsa. Kuyambira tsikulo anandiletsa kukhudza mafayilo aakulu nthawi ya ntchito, ndipo tikaweruka makiyi ankapita nawo m'thumba. Choncho ndinawalembera masamba atatu opempha maseva atsopano awiri, ina yogwira ntchito, ina yosunga kope la zonse kuti ina ikafa tisalire. Ndinafotokoza za liwiro, za kuchepetsa magetsi, za makasitomala amene amatopa kudikira. Zonsezo zinali zoona. Koma ndiulule, pamene ndinkalemba ndinkaganiza za bambo anga.

Masambawo anawaika pansi pa kapu ya tiyi kwa miyezi iwiri. Chinawadzutsa si ine ayi. Mnzawo wa situdiyo ya kutsidya kwa msewu anaika chikwangwani choti kwa iye zithunzi zimatuluka usanamalize kupereka moni. Mawa lake ba Dairekita anapita m'tauni okha, ati pali munthu amene amamudziwa. Nditapempha kuti ndiwaperekeze ndikaone zimene akugula, anandiyang'ana ngati ndapempha kukawasankhira mkazi.

Anabwera ndi maseva awiri pa kalole kobwereka. Anali ataliatali, akuda, okulungidwa m'pulasitiki yonyezimira yomatirira mbali zonse. Ndinatulutsa lezala.

"Awe, awe, awe! Ufuna kuchita chani?" anakuwa ba Dairekita.

"Nichoseko pulasitiki, ba Dairekita. Iyi mashini ifuna mphepo. Ngati siipeza mphepo izapya."

"Manje ukachosa pulasitiki, bantu bazaziba bwanji kuti ni ya nyuu?"

Ndikanakonda kunena kuti funsolo linandidabwitsa, koma ayi. Ndinakulira momwemo. Kwathu rimoti ya TV inakalamba ili m'pulasitiki. Azakhali anga anagona zaka pa matilesi osavula, munthu akatembenuka nyumba yonse n'kudziwa. Galimoto ya ba Dairekita, mipando yake inkatentha matako mu Okutobala chifukwa cha pulasitiki yomweyo, koma palibe ankadandaula. M'komboni pafupifupi chilichonse chimene uli nacho chinayamba chakhala cha wina, ndiye ukagula chatsopano pulasitiki ndiyo mboni yako. Kuivula n'chimodzimodzi kung'amba satifiketi.

Sizinathere pomwepo. Anati chinthu chokongola chotero sichingabisidwe kukhitchini. Anakatenga kunyumba kwawo kabati ya magalasi, ija yoonetsera mbale zosadyerapo munthu, n'kuiimika kutsogolo kwa shopu, pafupi ndi zenera lolowera dzuwa la masana. Seva imodzi inalowa m'menemo. Akazi awo anabwera ndi kansalu koluka n'kuyala pamwamba pake, kenaka maluwa apulasitiki. Seva yachiwiri, ija ndinati izisunga kope, inakwezedwanso pa kalole.

"Iyenda kuti iyo?" ndinafunsa.

"Ku Chawama. Bantu ba ku Chawama nabo bali na menso."

Kumeneko anangoilumikiza kumagetsi kuti tinyali tiziphethira, m'mimba mulibe kanthu.

Ndinalankhula kawiri mwaulemu, manja kumbuyo. Kachitatu anandiyankha pamaso pa antchito onse kuti bizinesi anaiyamba ine ndikuyamwa, ndipo ngati makompyuta ndimawadziwa kwambiri ndikatsegule situdiyo yanga. Anthu anaseka, ine ndinagonja. Kwathu wamkulu samutsutsa katatu, makamaka ngati ndiye amakulemba ntchito. Anandilola kuboola timabowo ta mawaya basi. Iwo atatembenuka, ndinatema pulasitiki kumbuyo kanayi ngati sing'anga wotema mphini, n'kudziuza kuti ndachita mbali yanga.

Kusamutsa mafayilo kuchoka ku seva yakale kunatenga masiku asanu ndi anayi, chifukwa magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Koma zitatha, eee, inathamanga! Chithunzi chinkatuluka kasitomala asanakhale pansi. Ba Dairekita ankagwira anthu pamkono n'kuwaimika patsogolo pa kabati, ngakhale amene angobwera kudzajambulitsa ka pasipoti.

"Mwaona? Monga ku banki!"

Nanenso ndinkaima pambali ndikumwetulira, chifuwa chili patsogolo, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsiku lotsatira kusamutsako nditafika kuntchito ndinapeza kukhitchini kuja mulibe seva yakale. M'malo mwake munali mabelo a salaula, zovala za kaunjika, a akazi awo a ba Dairekita. Ndinali nditapempha kuti yakaleyo tiisunge mwezi umodzi mpaka titsimikize kuti zonse zili bwino. Iwo anali ataipereka kwa anthu oyenda ndi wilibala aja ogula zitsulo zakutha.

"Ukagula nsapato za nyuu, usunga zong'ambika?" anandifunsa, n'kupitiriza kupukuta galasi la kabati ndi mpango.

Apa ndi pamene mlandu wanga uli, ndipo sindiubisa. Vidiyo ya bambo inali pa seva yatsopano, ndipo tsopano kukopera kukanatenga mphindi zochepa chabe. Koma fulashi yanga yosungira mafayilo inali yaing'ono, ndipo mnzanga wa kukoleji wa ku Kaunda Square anati adzandibwereka disiki yaikulu Loweruka. Ndikanatha kukwera basi tsiku lomwelo. Ndinati kuthamangiranji, mashini ndi atsopano. Ine amene ndinalemba masamba atatu onena za kusunga kope! Amayi atandifunsa Lamlungu tikuchoka kutchalitchi, ndinayankha kuti zatheka kale. Loweruka loyamba mnzanga anapita kumaliro, ndipo ndinati palibe vuto, lina likubwera.

Sabata imeneyo seva inayamba kulira. Mafani ake ankabuula ngati minibasi yodzaza pachitunda, galasi la kabati likutentha osagwirika. Ikakwana thuu koloko inkadzizimitsa yokha, chifukwa inali ndi nzeru kuposa tonsefe. Ba Dairekita ankatukwana a magetsi, kutsegula kabati, kudina batani, n'kukiyanso. Tsiku lina anachita zimenezi kasanu. Ndinawapempha kuti asiye chitseko cha kabati chotsegula, iwo anati fumbi la ku Matero lidetsa pulasitiki. Ndiye ndinabweretsa fani yapatebulo n'kuilozetsa pagalasi lotseka. Kasitomala wina anafunsa ngati tikuziziritsa maluwa.

Lachinayi masana inazima. Atadina batani, tinyali tonse tinayaka tofiira, ndipo m'shopu munamveka fungo ngati la tsitsi lopsa.

Anaitana katswiri wa m'tauni, bambo wa tayi ndi kachikwama. Atangofika anagwira pulasitiki n'kuing'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi, osapempha chilolezo kwa munthu. Ndinayang'ana ba Dairekita kudikira kuti akuwe. Anathandiza kugwirizira. Kansalu koluka anakachotsa okha, n'kunena kuti iwo ankaona kale kuti mashini akufuna mphepo. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi ndimamva kutentha kumaso.

Katswiriyo anamasula chivundikiro. M'kati munali fumbi lambiri lotuwa, osati lofiira ngati lathu, ndipo madisiki anali ndi timapepala tofwifwa ta kampani ina ya kunja. Anati mashiniwo anagwira ntchito zaka zambiri kwina, kenaka wina anawapukuta kunja n'kuwakulunga.

"Ba bosi," anatero akupukuta manja, "cha nyuu apa ni pulasitiki chabe."

Mwa madisiki anayi, atatu anali atafa ndi kutentha komanso kudzutsidwa mokakamiza kuja. Anawatenga, ndipo patapita masabata awiri anabwera ndi zimene anapulumutsa: zithunzi zochepa zobalalika, zina mitu yokha, zina miyendo yokha. Mavidiyo onse anali atapita. M'masabata amenewo ndinayendayenda ku Kanyama m'malo ogulitsira zitsulo, kufunsa za seva yakale ija. Bambo wina anandilozera mulu wa mawaya osendedwa n'kundiuza kuti ndisankhe ndekha imene ndikuidziwa.

Ba Dairekita anaitanitsa msonkhano wa antchito. Anati afufuza bwinobwino ndipo apeza gwero la vuto.

"Kuli munthu anaboola pulasitiki kumbuyo. Ndiye mwamene fumbi inangenera."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinaseka, ndipo kunali kuseka koipa, kosaletseka, mpaka misozi. Sanandichotse ntchito, chifukwa panalibe wina wodziwa mawaya amene amapita kuti. Anangondilembera kalata yondichenjeza za mwano. Seva ya ku Chawama ndiye anakana kuti aliyense aikhudze, ati imeneyo ikadali yatsopano. Abale a anthu omwalira ankabwerabe kudzafuna nkhope za anthu awo, ndipo wowauza kuti kulibe ndinali ine.

Kwa amayi ndinapita Lachisanu, mwambo wa chiliza uli mawa lake. Ndinali nditazengereza mpaka masiku kutha. Achibale ochokera ku Chipata anali atafika kale, nsapato zili mbwee pakhomo. Pabalaza panali TV yaikulu yobwereka kwa aneba, ndipo mipando inali itayang'anitsidwa komweko. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kufotokoza zonse, za kabati, za kutentha, za Loweruka limene ndinkadikira. Sindikudziwa kuti anamvapo zingati. Manja awo sanasiye kusankha.

"Ngakhale mawu okha, mwanawe? Chithunzi chisaoneke, ife tingomva?"

"Palibe, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Kenaka anaika lichero pansi.

"Iwe uli ndi mutu wabwino, sunakalambe ngati ine. Tanena momwe ankakuitanira akamachokera kuntchito. Ungoyerekeza, ndimveko."

Ndinatseka maso n'kuwaona bambo akulowa pageti, chikwama kukhwapa, pakamwa pakuyenda. Ndinadikira kuti ndiwamve. Kenaka ndinaitana dzina langa kawiri, amayi akumvetsera, koma mawu amene anatuluka anali anga.